Zofunika kuti achinyamata a ku Likuni ayambe kupanga masewera a pa kompyuta

LILONGWE: M'misika ndi m'malo ochitira malonda a ku Likuni, Chinsapo, Kawale, Biwi, Area 23 ndi Area 25 muli tinyumba momwe achinyamata amalipira ndalama kuti asewere mpira kapena mpikisano wa magalimoto pa makina olumikizidwa ku wailesi ya kanema. Ena amasewera pa foni za m'manja. Pafupifupi masewera onsewa anapangidwa kunja kwa dziko lino, ndipo funso lomwe akuluakulu oona za maphunziro ndi ntchito za achinyamata akuyenera kuliganizira ndi lakuti kodi chidwi chimenechi chingasanduke bwanji luso lopezera ntchito.

Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwa linali ana osakwana zaka 18. Mzinda wa Lilongwe wokha unali ndi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Masomphenya a chitukuko a Malawi 2063, omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika achinyamata patsogolo pa ntchito yotukula dziko, ndipo amatchula luso la makono ngati njira imodzi yopangira chuma. Kupanga masewera a pa kompyuta ndi gawo laling'ono la luso limeneli, koma ndi khomo lomwe ana amalowera mosakakamizidwa.

Kupanga sewero la pa kompyuta kumafuna zinthu zingapo pamodzi. Pamafunika wokonza malamulo a sewerolo, wolemba malangizo omwe kompyuta imatsatira, wojambula zithunzi, wopeka nyimbo ndi wolemba nkhani. Bawo ndi chitsanzo chabwino. Bolodi la bawo lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, kutanthauza maenje 32, ndipo amasewera ndi njere 64. Mwana wofuna kuika bawo pa kompyuta ayenera kuuza makinawo kuti asunge chiwerengero cha njere m'dzenje lililonse, kuti azigawa njere imodzi imodzi motsatana, komanso kuti azindikire nthawi yodya njere za mnzake ndi nthawi yomwe sewero latha. Potero mwanayo waphunzira kusunga manambala, kubwereza ntchito ndi kupanga chiganizo potengera momwe zinthu zilili. Izi ndi nsanamira zomwenso zimagwira ntchito polemba mapulogalamu a m'mabanki, m'zipatala ndi m'maofesi a boma.

Zipangizo zophunzirira luso limeneli sizifuna ndalama zambiri monga kale. Pulogalamu ya Scratch, yomwe inatulutsidwa mu 2007 ndi sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, ndi yaulere ndipo inakonzedwera ana. Mwana amalumikiza malangizo ngati akusanja njerwa, ndipo ikaikidwa pa kompyuta imatha kugwira ntchito popanda intaneti. Kwa omwe afika patali, pali Godot, yomwe inayamba kupezeka mwaulere kwa aliyense mu 2014, komanso Unity, yomwe makampani ambiri opanga masewera amagwiritsa ntchito.

Mzinda wa Lilongwe uli kale ndi mbiri pa nkhaniyi. Mu 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi panachitika kafukufuku wotsogozedwa ndi Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham, yemwe anayesa pulogalamu yophunzitsa masamu pa matabuleti yopangidwa ndi bungwe la onebillion la ku Britain. Zotsatira zinaonetsa kuti ana omwe anagwiritsa ntchito pulogalamuyi kwa masabata asanu ndi atatu anachita bwino pa masamu kuposa anzawo omwe sanaigwiritse ntchito. Pulogalamuyi imalankhula Chichewa ndipo imaphunzitsa kudzera m'timasewera. Ntchitoyi inapitirira mothandizidwa ndi bungwe la VSO, ndipo mu 2023 unduna wa zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT ndi cholinga chofikitsa matabuleti m'sukulu zonse za pulayimale za boma.

Zomwe zinachitika ku Biwi zikupereka phunziro lapawiri. Poyamba, zinatsimikiza kuti sewero lokonzedwa bwino limaphunzitsa. Chachiwiri, zikusonyeza kuti dziko lino lidzafuna anthu ambiri odziwa kulemba, kukonza ndi kumasulira mapulogalamu otere m'zilankhulo za kuno. Ngati anthuwa sakuphunzitsidwa m'dziko momwe muno, ntchitoyo idzapitirira kugulidwa kunja ndi ndalama zakunja zomwe ndi zosowa kale.

Mbali ya mabungwe omwe si aboma, Rachel Sibande anakhazikitsa mHub mu mzinda wa Lilongwe mu 2013, malo oyamba a mtundu wake m'dziko muno, ndipo mwa ntchito zake munali kuphunzitsa ana ndi atsikana kulemba mapulogalamu. Boma nalo, mothandizidwa ndi World Bank, linakhazikitsa ntchito ya Digital Malawi yomwe inavomerezedwa mu 2017 ndi ndalama zokwana 72.4 miliyoni za ku America, ndipo gawo lina la ndalamazi linapita ku maphunziro a luso la makono kwa achinyamata.

Maiko ena a mu Africa aonetsa kuti ntchitoyi ndi yotheka. Ku Ghana, Eyram Tawia ndi mnzake wa ku Kenya, Wesley Kirinya, anayambitsa kampani ya Leti Arts mu 2009, yomwe imapanga masewera potengera nthano za makolo. Ku Nigeria, Hugo Obi anayambitsa Maliyo Games mu 2012. Ku Cameroon, kampani ya Kiro'o Games inatulutsa sewero la Aurion mu 2016, ndipo ku South Africa kampani ya Nyamakop inatulutsa Semblance mu 2018, lomwe linafika mpaka pa makina a Nintendo. Onsewa anayamba ndi magulu a anthu ochepa.

Komabe zopinga zilipo ndipo sizoyenera kuzichepetsa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira ndi magetsi. Pomwe namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakweza mtengo wa makompyuta, popeza onse amachokera kunja. Vuto lina ndi la aphunzitsi, chifukwa ngakhale phunziro la kompyuta lili pa mayeso a MSCE, sukulu yopanda makina ndi mphunzitsi wodziwa singathe kuliphunzitsa.

Palinso nkhani ya msika. Achinyamata ambiri anazolowera kupeza masewera mwaulere, choncho wopanga sewero sangadalire kugulitsa kwa osewera okha. Msika wodalirika poyamba ungakhale maunduna ndi mabungwe omwe amafuna kufalitsa uthenga wa zaumoyo, zaulimi ndi zapamsewu kwa ana. Lamulo la Copyright Act la mu 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta, koma achinyamata akuyenera kuphunzitsidwa za ufulu umenewu asanayambe kusaina mapangano.

Dera la Likuni lili ndi poyambira. Kuli sukulu za sekondale za Likuni Boys ndi Likuni Girls, ndipo kwa zaka zambiri derali lakhala likudziwika ndi ntchito yosindikiza mabuku a Chichewa ku Likuni Press. Makalabu a ophunzira okumana masana kapena Loweruka, okhala ndi makompyuta ochepa ndi magetsi a dzuwa, angathe kutsegulidwanso kwa ana a m'sukulu zoyendera za m'madera oyandikana monga Chinsapo. Thumba la Universal Service Fund, lomwe linadza ndi lamulo la Communications Act la mu 2016 ndipo limayendetsedwa ndi MACRA, linakhazikitsidwa kuti lifikitse ntchito za mauthenga komwe sizikufika. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, lili ndi udindo wovomereza maphunziro a ntchito za manja ndi luso, ndipo sukulu za ukachenjede za MUST ndi MUBAS zingathandize kusula aphunzitsi.

Chomwe chikufunika tsopano ndi chakuti nthambi zimenezi zigwirizane za yemwe agule makina, yemwe aphunzitse aphunzitsi ndi yemwe apereke satifiketi. Popanda mgwirizano wotere, makompyuta angathe kufika m'sukulu n'kukhala otsekeredwa m'chipinda, pomwe ana akupitiriza kulipira ndalama zawo m'tinyumba ta pamsika.