Tiyambe taifunsa seva tisanasaine

Msodzi wa ku Malindi sangagule injini ya boti asanailize ndi kumva kalilidwe kake. Mayi wogula chambo pagombe amayamba wayang'ana maso a nsombayo. Nanga bwanji ikabwera kompyuta yaikulu ija amati seva, pa sukulu kaya pa chipatala, timangoomba m'manja ndi kusaina pepala, osadziwa kuti m'katimo muli chiyani?

Abale anzanga, nkhaniyi si yachibwana. Chiyambire 2001, pamene a Baobab Health adaika makompyuta okhudza ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, zipatala zambiri m'dziko muno zimasunga mbiri ya odwala mu seva, makamaka ya anthu olandira ma ARV. Seva ikaima, mzere wa odwala nawo umaima. Tsono katswiri woikonza nthawi zambiri amakhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Kuti afike kuno kutsidya, awoloke Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi kutenga msewu wa ku Makanjira, tsiku latha.

Chonsecho seva imatha kudzifotokoza yokha. Ambiri mwa makinawa amayendera Linux, ndipo safuna mbewa kapena zithunzi ayi. Munthu amangolemba mawu ochepa pa sikirini yakuda ija, iyo nkuyankha.

Mukalemba lscpu, imakuuzani mtundu wa purosesa imene ili m'katimo. Mukalemba free -h, imaonetsa kukula kwa memore. Apa musachite mantha mukaona kuti nambala ya pansi pa mawu oti free ndi yochepa, chifukwa Linux imabwereka memore yongokhala kuti ntchito ifulumire. Nambala yofunika ili pansi pa available. Ngati pepala likuti memore ndi 16GB koma makina akuonetsa pafupifupi 8, cholembera chibwerere m'thumba mpaka wobweretsayo afotokoze.

Lamulo la df -h limanena malo amene atsala pa disiki. Disiki ikadzaza kufika pa 100%, pulogalamu imalephera kulemba dzina la wodwala watsopano, anthu nkumati makina afa pamene angokhuta chabe. La uptime limanena nthawi imene yapita chiyakire seva, ndiye mumadziwa ngati idazima usiku magetsi atathima. Lomaliza ndi cat /etc/os-release, limene limatchula dzina ndi msinkhu wa pulogalamu yoyendetsa makina onsewo. Izi nzofunika zedi: zaka 5 za chithandizo chanthawi zonse cha Ubuntu 18.04 zidatha mu 2023, za 20.04 zidatha mu 2025. Mphatso ikhoza kuwala kunja koma m'kati ili nkhalamba.

Ena adzati kalaliki kapena mphunzitsi akagwira seva aononga. Ine ndikukana. Malamulo asanu amenewa amangowerenga, sasintha kanthu ngakhale kamodzi. Chimene chimaononga ndi kusadziwa, pamene munthu wothedwa nzeru azula chingwe pakhoma seva ili mkati molemba.

Enanso adzati kufufuza mphatso ndi mwano. Ayi ndithu. Wopereka wachilungamo angakondwere, pakuti nayenso adalipira ndalama kwa wogulitsa ndipo afuna kudziwa kuti chafika ndi chomwe adagula.

Pempho langa ndi lapafupi. Pa malo aliponse pamene pali seva, kuyambira pa boma la Mangochi mpaka ku Makanjira, paphunzitsidwe anthu awiri, ndipo malamulowa alembedwe papepala nkumata pakhoma. Tsiku lolandira katundu, mayankho ake akopedwe m'kaundula. Tsiku la vuto, munthu asamaimbe foni nkungoti “yaonongeka basi”. Aziti “disiki yadzaza” kapena “memore yatsala pang'ono”, katswiri amuuze chochita ali komweko, kapena anyamule chitsulo choyenera pa ulendo umodzi.

Atsikana a pa St Michael's pompano pa Malindi angaphunzire zimenezi masana amodzi okha. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Makinawa amayankha, koma ayenera kufunsidwa.