Pachipatala Si Onse Ali Adokotala

Anthu a kumidzi tili ndi chizoloŵezi chimene chimaoneka ngati ulemu, koma chikhoza kutipweteka. Munthu aliyense amene tampeza m'kati mwa mpanda wa chipatala timamutcha "adokotala." Namwino ndi adokotala, mlangizi wa zaumoyo ndi adokotala, wolemba maina m'kaundula ndi adokotala, ngakhale mlonda wa usiku, akangonyamula tochi ndi makiyi, nayenso wasanduka adokotala. Inu amene mukuŵerenga nkhani ino muli pabenchi ku Likangala, kudikira kuti dzina lanu liitanidwe, taŵerengani ogwira ntchito amene adutsa pamaso panu chifikireni. Kodi ndi angati amene mukudziŵa ntchito yawo yeniyeni, ndi pamene ntchitoyo imalekezera?

Maganizo athu ndi akuti chipatala chilichonse cha kumudzi chiyenera kulengeza poyera ntchito ya munthu aliyense wogwira ntchito pamenepo. Boma polemba munthu ntchito limampatsa pepala lofotokoza udindo wake, koma pepalalo limakhala m'Chingerezi, ndipo limagona m'kabati ya ofesi. Wodwala, amene ntchitoyo idakhazikitsidwira iye, saliona konse. Ife tikuti zolembedwazo zituluke m'kabati, zimasuliridwe m'Chicheŵa, zikhomedwe pakhoma, ndipo zizinenedwa pakamwa m'maŵa uliwonse kuti amene sadziŵa kuŵerenga amve nawo. Kumene kuli olankhula Chiyao kapena Chilomwe, monga momwe ziliri m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, apezeke wowamasulira.

Alimi a mpunga pa sikimu ya Likangala amadziŵa bwino lomwe chifukwa chake. Madzi a mu ngalande satsekulidwa ndi munthu wina aliyense amene wafuna. Pali owayang'anira, pali tsiku la chigawo ichi ndi tsiku la chigawo icho, ndipo mlimi akaona kuti munda wake wauma amadziŵa khomo loti akagogode. Dongosolo limeneli likasokonekera, mpunga wa wina umamira pamene wa mnzake ukupsa ndi dzuŵa. Ngati timasamala chotere pa madzi a mpunga, nanga bwanji pa moyo wa mwana?

Tiyeni tiwatchule mmodzimmodzi. Pa zipatala zing'onozing'ono za boma kaŵirikaŵiri sipakhala dokotala weniweni. Amene amakupimani ndi kukulemberani mankhwala ndi Medical Assistant, kapena Clinical Officer amene maphunziro ake ndi otalikirapo. Iwoŵa adaphunzira ntchito yawo mokwanira, ndipo mbali ina ya ntchitoyo ndi kudziŵa matenda amene ayenera kuwatumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba. Namwino amene alinso mzamba ndiye mwini sikelo ya amayi apakati, chipinda chochilira ndi za kulera. Othandizira pachipatala amasamala za ukhondo, amanyamula odwala, amakonza mzere. Mlonda amalonda katundu ndi anthu, ndipo usiku ndiye maso ndi makutu a chipatala chonse.

Mbiri ya alangizi a zaumoyo, aja amayenda panjinga m'midzi, ndi yofunika kuidziŵa, makamaka kuno ku Chilwa. M'zaka za m'ma 1960 boma lidalemba anthu oti azitemera nthomba. Kolera italoŵa m'Malaŵi mu 1973, padalembedwanso anthu oti azithandiza kulimbana nayo m'midzi, ndipo ntchito ya alangizi amene tili nawo lero idaphukira pamenepo. Chiyambire nthaŵi imeneyo katundu wawo wakhala akukulirakulira: katemera, sikelo ya ana, kuyendera zimbudzi ndi zitsime, kuthira mankhwala m'madzi. Kuyambira mu 2008 ena a iwo adaphunzitsidwa kuyendetsa tizipatala ta m'mudzi, kumene amapereka mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba kwa ana osapitirira zaka zisanu. Koma malire alipo. Mwana wokomoka, wolephera kuyamwa, kapena wosanza chilichonse, mlangizi sayenera kumsunga. Ntchito yake ndi kumtumiza msanga. Ndipo munthu wamkulu amene akuumiriza mlangizi kuti amgaŵire mankhwala a ana, ati poti ndi mnansi, akumpempha kuti aphwanye lamulo la ntchito yake ndi kubera ana a m'mudzi momwemo.

Chimene chikutikakamiza kulemba zonsezi ndi kolera. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo asodzi ambiri amakhala milungu yambiri m'zimbowera, kumwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo. Mliri udabuka panyanjapa kumapeto kwa 2015 ndi kuloŵa mu 2016. Mliri waukulu kwambiri m'mbiri ya dziko lino udayambira ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo pofika mu 2023 udali utadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Nthenda imeneyi siyembekeza kuti kuche. Munthu wamphamvu, amene m'maŵa adali kukoka khoka, madzi akhoza kumthera m'thupi usiku umodzi wokha.

Tsono taganizirani msodzi amene anzake amnyamula pa kabaza kuchokera kudooko, nafika naye pa chipatala china cha m'mbali mwa nyanjayi pakati pa usiku, akutsekula zonga madzi otsukira mpunga. Munthu woyamba kukumana naye ndi mlonda. Ngati mlondayo akudziŵa udindo wake, athamanga kukadzutsa amene ali pa ntchito usiku umenewo, osayamba wafunsa mafunso. Koma ngati kutchedwa "adokotala" kwamloŵa m'mutu, ayamba kuweruza yekha: awauza kuti adikire kuche, kapena awapatsa timapiritsi toletsa kupweteka timene adatisunga m'thumba. Operekezawo, pokhulupirira kuti adokotala alankhula, akhala pansi phee. Akadadziŵa kuti munthuyo alibe mphamvu yopima wodwala, akadanena mwaulemu kuti, "Bambo, chonde katidzutsireni amene ali pa ntchito," ndipo podikirapo akadapitiriza kummwetsa wodwalayo madzi a Thanzi. Pakati pa njira ziŵirizi pali moyo wa munthu.

Ena anena kuti zimenezi ndi zolota, pakuti ogwira ntchito ndi ochepa. Namwino mmodzi angathe kuchezera usiku wonse ndi mayi wochira, m'maŵa n'kupezanso mzere wa sikelo ukumdikira. Pa malo otere, iwo akuti, aliyense azingogwira chimene manja ake afikira. Kuchepa kwa antchito sitikukukana, ndipo anamwino otere ayenera kuthokozedwa koposa momwe timachitira. Ndiponso si kulakwa kupatsa munthu ntchito imene kale sidali yake. Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuchita zimenezi, ndipo n'chifukwa chake lero kuyeza malungo ndi kuyeza magazi kumachitidwa ndi anthu amene si anamwino. Koma kupatsidwa ntchito n'kosiyana ndi kuitola. Wopatsidwa amaphunzitsidwa, amakhala ndi womuyang'anira, ndipo pakalakwika amadziŵika woti afunsidwe. Wotola ntchito alibe zonsezi, ndipo tsiku la tsoka aliyense amasamba m'manja.

Katemera wa kolera wa mu 2016 adationetsa kusiyana kumeneku. Katemerayu ndi wakumwa, ndipo pa nthaŵiyo ankaperekedwa kaŵiri, motalikirana milungu iŵiri. Podziŵa kuti asodzi a m'zimbowera sangabwerere kumtunda pa tsiku loikika, a zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la Médecins Sans Frontières, adawamwetsa koyamba, nawapatsa kabotolo kachiŵiri kuti akamwe okha panyanja tsiku lake likakwana. Apa ntchito ya wazaumoyo idaikidwa m'manja mwa msodzi wamba. Koma idaikidwa poyera, munthu atauzidwa chochita, tsiku lochitira, ndi chifukwa chake.

Kudziŵa ntchito pakokha sikukwanira ngati ogwira ntchitowo sauzana. Woŵeruka madzulo ayenera kuuza woloŵa usiku kuti mayi wa pa bedi lakuti wayamba kutaya magazi, ndipo azilembe, pakuti mawu a pakamwa amauluka. Mlangizi akamva kuti m'mudzi wina anthu aŵiri atsekula m'mimba modabwitsa, uthenga ufike kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo achipatala audutsitse ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba. Wodwala wotumizidwa ku chipatala chachikulu anyamule kalata yonena chimene chapezeka ndi mankhwala amene walandira kale. Kuchokera kudooko la Kachulu kukafika mumzinda wa Zomba ndi makilomita pafupifupi 30, ndipo m'nyengo ya dzinja msewu wake aliyense amaudziŵa. Ndi chinthu choŵaŵa kuyenda ulendo wotere n'kukafika wopanda pepala, kuti ayambenso kukufunsani zonse kuchokera pachiyambi.

Inunso odwala muli ndi mbali yanu pa kuuzanaku. Kabuku kanu ka kuchipatala ndiko kalata imene wazaumoyo wa lero amalembera wa maŵa. Musakabwereke kwa mnzanu, musakasiye kunyumba. Pawindo la mankhwala musachoke musanamve kuti mumwe angati, kangati, kwa masiku angati. Ngati simudamvetse, funsaninso. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ndipo wopereka mankhwala asakwiye ndi funso lachiŵiri, chifukwa kufotokoza ndi gawo la ntchito imene amalandirira malipiro.

Palinso mwambo wa ntchito, umene sulembedwa wonse papepala koma aliyense amaumva ukasweka. Choyamba ndi chinsinsi. Kumudzi tonse timadziŵana. Wosesa m'chipinda chopimira amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi apongozi a wodwala, ndipo wolemba kaundula amapemphera mpingo umodzi ndi mwamuna wake. Mawu amodzi otayidwa pamsika akhoza kupasula banja, ndipo choposa apo, amachititsa anthu kuthaŵa chipatala chawo. Alipo amene amawononga ndalama kukalandira ma ARV kutali, ena amangowasiya, poopa maso ndi pakamwa pa anthu owadziŵa. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za m'magazi mwa munthu popanda chilolezo chake. Udindo wosunga pakamwa si wa namwino yekha. Ndi wa aliyense amene khutu lake limafika pa khomo la chipinda chopimira.

Chachiŵiri ndi ndalama. Pa chipatala cha boma thandizo ndi mankhwala n'zaulere. Zipatala za mishoni zimalipiritsa zina, koma zimapereka lisiti. Tikudziŵa kuti ife Amalaŵi sitikonda kupita kwa munthu chimanjamanja, ndipo mayi amene wachira bwino akabwera pambuyo pake ndi kambale ka matemba, mtima wake ndi woyera. Komabe ogwira ntchito achenjere nazo mphatsozi. Kangachepe koperekedwa munthu asanathandizidwe, kapena koti adumphe nako mzere, ndi chiphuphu basi, ngakhale katakhala mpunga wa m'chitini. Amene amavutika nacho ndi gogo wopanda kanthu, amene adafika mbandakucha koma adzaitanidwa dzuŵa litapendeka.

Za kulalatira odwala sitichulutsa mawu. Mayi amene wakalipiridwa pa nthaŵi yochira amakumbukira zaka zambiri, ndipo pa mimba yotsatira amachedwa dala kubwera. Komanso ndi zoona kuti alipo operekeza odwala amene amafika ataledzera, natukwana namwino amene sadagone. Ameneŵa mafumu awadzudzule.

Nanga munthu akalakwiridwa apite kuti? Ambiri amangodandaulira m'njira pobwerera kwawo, kumene sikukonza kanthu. Njira zilipo. Pachipatala pali mkulu woyang'anira, ndipo pali komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, imene ntchito yake ndi kukhala mlatho pakati pa chipatala ndi eni dera, kuphatikizapo kuonerera mankhwala akamafika. Kuyambira mu 2018 boma lidayamba kuika m'zipatala anthu olandira madandaulo, otchedwa Ombudsman wa pachipatala. Pa milandu ikuluikulu pali Bungwe la Anamwino ndi Azamba, limene lidakhazikitsidwa mu 1966, ndi Bungwe la Madokotala, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987. Mabungwe ameneŵa ali ndi mphamvu yolanda munthu chiphaso cha ntchito. Koma dandaulo limayenda ngati wodandaulayo akudziŵa dzina ndi udindo wa amene adamlakwira. Kunena kuti "adokotala ena ake" kumangodetsa mbiri ya onse, olakwa ndi osalakwa omwe.

N'chifukwa chake tikupempha a komiti ya chipatala, mafumu ndi ogwira ntchito kuti pa msonkhano wawo wotsatira akambirane za bolodi limodzi lokha. Likhale pakhomo loloŵera, pamene tochi ingaliunike usiku. Palembedwe maudindo onse ndi ntchito zake m'mawu ochepa, dzina la amene ali pa ntchito usiku umenewo, ndi kumene munthu angakadandaule. Wogwira ntchito aliyense azitchula dzina lake ndi udindo wake asanagwire wodwala, ndipo wophunzitsa za umoyo m'maŵa, asanayambe za maneti ndi zimbudzi, aziyamba waonetsa anthu kuti uyu ndi yani, uyo ndi yani. Thabwa, utoto wakuda ndi choko sizifuna kudikira ndalama zochokera ku Lilongwe, ndipo ndi bwino bolodilo likhomedwe mvula yoyamba isanagwe.