NKHWANGWA YABWINO ICOKERA PA MOTO

Amisiri a zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata mu Lusaka, adziwika ndi mafelemu a zitseko ndi mazenera. Nchito yao njoyamikika. Koma inu alimi amene mugula nkhwangwa ndi makasu m'makomboni, dziwani kuti citsulo ca felemu ncofewa, sicigwira mano. Cida codulira cifuna citsulo colimba monga ca sipuling'i ya galimoto, ndiponso cifuna mmisiri wodziwa moto.

Mmisiri wotere aotca citsulo kufikira cifiire, pafupi madigiri 800, pamene maginito aleka kucigwira. Pamenepo aciviika m'mafuta kuti ciume. Ambiri alekera pomwepa cifukwa ca changu, ndipo nkhwangwa yao ithyoka ngati galasi ikakumana ndi mtengo wa mopani. Cofunika ndi kuipukuta ndi kuitenthanso pang'ono, madigiri 200 kufikira 300, mpaka mano ake aoneke ngati udzu wouma kapena abiriwire. Moto waciwiri umenewu ndiwo uletsa kuthyoka.

Bungwe la TEVETA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, liyenera kufikitsa maphunziro otere kwa anyamata a ku Kanyama, Matero ndi Chawama pamalo pomwe agwirira nchito.

Nanunso ogula, yesani mano ndi tupa musanalipire. Tupa ikadya citsulo mosabvuta, cisiyeni. Khasu likapindika mvula itagwa, mlimi ataya masiku obzala.