Matabwa ake ati?

Akuti kunja anthu ayamba kumanga nyumba zosanja ndi matabwa. Ku Norway, m'tauni ya Brumunddal, mu 2019 anamaliza ya nsanjika 18, yotalika mamita 85. Akuti amatenga matabwa ouma bwino, n'kuwamata ndi guluu pamakina, ena chotalika ena chopingasa, mpaka atuluke mizati ndi zipupa zochindikala zotha kusenza nyumba yonse. Tamva, sitikutsutsa. Koma inu amene mukufuna kuti a ku Mchinji titengere zimenezi, tayambani mwafika pamene timagula matabwa pa Boma, pa Kamwendo kapena kwa Mkanda.

Thabwa la paini timaligula likadali lonata utomoni. Kalipentala akhoma lero, mwezi usanathe phaso lapindika, malata atukuka, mvula ikabwera mlandu ugwera mmisiri. Nanga iyeyo walakwanji? Wocheka sanadikire kuti liume, wogulitsa akufuna mpamba wake ubwerere msanga, ife ogula tikuthamangira denga dzinja lisanafike. Za mankhwala a chiswe musanene n'komwe. Ambirife timangopaka oyilo wakuda wokhetsa m'galimoto, zotsalazo n'kusiyira Mulungu. Ndiye munthu akagone pansanjika yachitatu, chiswe chili kalikiliki pansi?

Kusukulu tinkaloweza kuti Chikangawa ndi nkhalango ya mahekitala 53,000, imodzi mwa nkhalango zobzala zikuluzikulu mu Africa muno. Moto wa chaka ndi chaka unadyako, odula osabzala anadyako, matabwa osankhika n'kumakwera mathiraki kulowera ku Tanzania ndi ku Kenya. Ofika kuno ndi opyapyala, odzaza mfundo, mtengo wake ngati ukugula mbawa. Mitengo yathu yachilengedwe inathera m'zigafa za fodya, m'makala ndi m'mauvuni a njerwa, ndipo pamenepa tisanamizire alendo, nkhwangwa zinali zathu zomwe.

Mu 2018 boma, kudzera ku bungwe la NCIC, linaletsa njerwa zootcha pomanga nyumba za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo. Zomveka. Koma chimene anatilozera ndi mabuloko a simenti, simenti yomwe timaiona ikulowa pachipata cha Mwami kuchokera ku Zambia, mtengo wake kukwera tisanamalize n'komwe fandeshoni. Za matabwa ife sitinamvepo.

Tinene kuti wina walimba mtima. Pulani ya nyumba yosanja yamatabwa akaitengera kukhonsolo, adzaiyeza ndi muyezo uti? Abanki adzavomera kuti ikhale chikole? Nanga moto? Akatswiri akuti thabwa lochindikala limayamba lapserera kunja, mkati mukadali molimba. Mwina n'zoona, koma kuno moto ukabuka timathamanga ndi zidebe kumjigo. Ana athu ophunzira ukalipentala amatuluka akudziwa zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro. Wowaphunzitsa kuimika nsanjika tikamupeza kuti?