Mbale yosweka yokha ndi mafupa a ku Tendaguru

Ulendo woyamba kupangana ndi mnzanga wa m'kalasi ku Berlin ndinachedwa ndi ola lathunthu. Iye anati tikumane "halb drei". Ine ndinamva "drei", kutanthauza 3, ndi "halb", kutanthauza theka, basi ndinatsimikiza kuti ndi 3:30. Kumeneko amawerenga theka la ola lolowera ku 3, ndiye kuti 2:30. Ndinamupeza atazizidwa pa siteshoni, mphuno ili psuu, ndipo Chijeremani chopepesera ndinalibe.

Amene munaphunzirapo chiyankhulo kwa eni ake mukudziwa kuti kalasi si imene imavuta. Chovuta ndi golosale. Mayi wa pa tilu amaponya katundu ngati akupeta, n'kutchula mtengo mothamanga, ndipo manambala a Chijeremani amayambira kumbuyo: 21 amati "chimodzi ndi makumi awiri". Uli mkati motembenuza nambalayo m'mutu, anthu asanu pambuyo pako ayamba kale kupumira m'mwamba. Ndinafika pomangopereka ndalama yapepala yayikulu kuti ndisamafunsidwe kanthu, mpaka thumba la jekete linalemera ndi makobidi.

Lamulungu masitolo ambiri amatseka. Nyengo yozizira kumada 4 koloko isanapitirire. Munthu wosazolowera ukhoza kutha tsiku lonse m'chipinda ukuyang'ana khoma, n'kumawerengera kuti ufa umene unagula pa sitolo ya Afirika ukufikitsa liti. Chimene chinanditulutsa panja ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale, zija timati myuziyamu. Ndinene zoona, poyamba ndinkatsatira kutentha, komanso nthawi imeneyo zambiri mwa nyumbazi unkalowa ulere Lamulungu loyamba la mwezi.

Ndiye ndinatulukira ubwino wina. Kachikwangwani ka m'myuziyamu sikakufulumiza. Ukhoza kuima pamenepo mphindi khumi, kutsegula dikishonale ya pa foni, kubwereza chiganizo katatu, palibe wokupumira m'khosi. Mawu amene ndinaphunzira nditaima chonchi sanandichoke, chifukwa mawu aliwonse ndinkawakumbuka pamodzi ndi chinthu chimene chinali patsogolo panga.

Sabata imene aphunzitsi athu anayamba kutiphunzitsa Passiv, chija ku pulayimale tinkati msintho wochitidwa, ndinayamba kuuona paliponse m'nyumbazi. Wurde gefunden, chinapezedwa. Wurde erworben, chinagulidwa kapena kupezedwa mwa njira ina. Wurde gebracht, chinabweretsedwa. Ndinasangalala ngati mwana woti wayamba kuwerenga zikwangwani za pa msewu. Kenako ndinakumbuka mwana wa mchemwali wanga, amene sananenepo kuti "ndaswa mbale". Iye amati "mbale yasweka", ndipo amanena nkhope ili gwa. Pa galamala palibe cholakwa. Koma woswa mbale watuluka m'chiganizo osamveka mapazi.

Ndi maganizo amenewa ndinalowa mu Museum für Naturkunde pa msewu wa Invalidenstraße. Ukangodutsa pakhomo umakumana ndi mafupa a chinyama chakale chotchedwa Giraffatitan, ataimikidwa kutalika mamita opitirira 13, mutu uli kufupi ndi denga. Ana a sukulu amakuwa akachiona, ndipo ine ndinatsala pang'ono kukuwa nawo. Chinyamachi chinakhala ndi moyo zaka pafupifupi 150 miliyoni zapitazo. Koma chimene chinandiimitsa ndi dzina la kumene chinachokera: Tendaguru, kummwera kwa Tanzania, chakumtunda kwa doko la Lindi. Kwa aneba athu enieni.

Mafupawa anakumbidwa pakati pa 1909 ndi 1913, dzikolo lili m'manja mwa Ajeremani. Mwaona, nanenso ndalemba kuti "anakumbidwa". Mayina amene amatchuka ndi a akatswiri awiri, Werner Janensch ndi Edwin Hennig. Ogwira makasu anali anthu a komweko mazanamazana, ndipo kapitawo wawo, amene ankadziwa kuzindikira fupa m'nthaka, anali Boheti bin Amrani. Katundu wopitirira matani 200 anamusenza pamutu ndi pa mapewa, ulendo wa masiku angapo wapansi kukafika ku Lindi, kumene anamukweza m'sitima. Ndipo izi zinkachitika patangopita zaka ziwiri nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907 itatha, nkhondo imene inasiya midzi ya chigawo chomwecho itaotchedwa, anthu akufa ndi njala. Munthu wopsereredwa nkhokwe akavomera kusenza fupa la chinyama kuti apeze ya msonkho, kodi tinene kuti analembedwa ntchito kapena anakakamizika? Onse awiriwo ndi aneni osatchula wochita.

Ndisanamizire eni nyumbayo kuti akubisa. M'zaka zaposachedwa iwo eni akhala akufufuza ndi kusindikiza mbiri imeneyi, ndipo dzina la Boheti bin Amrani silinatayike. Ku Tanzania nakonso mawu ofuna kuti mafupawo abwerere amamveka nthawi ndi nthawi. Ine sindine woweruza mlanduwo. Chimene ndikunena n'chaching'ono: ndikanapita kumeneko ndi womasulira, kapena kungowerenga Chingerezi chimene ndimathamanga nacho osaganiza, bwenzi nditajambula chithunzi n'kutuluka. Kuchedwa kwanga pa Chijeremani ndi kumene kunandipatsa mpata wofunsa, pa mneni aliyense, kuti wochita ndani.

Zinandichititsanso manyazi pang'ono. Ku Karonga kuli myuziyamu yathu, imene inatsegulidwa mu 2004, ndipo muli Malawisaurus, chinyama cha mtundu womwewu wa makosi ataliatali chimene mafupa ake anapezeka m'boma lomwelo. Ndadutsapo pa Karonga kangapo popita ku Songwe kukaoda katundu, koma sindinatsikepo kuti ndikaone. Ndinachita kukwera ndege, kuzizidwa, ndi kulimbana ndi der, die ndi das kuti ndiime kutsogolo kwa mafupa a kwa aneba.

Lolemba lotsatira aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense abweretse chiganizo cha Passiv chimene wakumana nacho mumzinda, n'kuchitembenuza kuti wochita aonekere. Ambiri anabweretsa za m'sitima ndi za pa zitseko, zonena kuti chitseko chitsekedwe, matikiti aonetsedwe. Ine ndinalemba pa bolodi kuti mafupa anabweretsedwa ku Berlin. Pansi pake ndinalemba kuti anthu a ku Tendaguru anakumba mafupawo ndi kuwasenza mpaka ku Lindi.

Aphunzitsi, mayi achikulire ofatsa, anayang'ana bolodi kwa kanthawi. Anandifunsa kuti Lindi ili kuti, ndipo ndinafotokoza ndi Chijeremani changa chotsimphina, manja akuthandizira. Anagwedeza mutu kuvomera. Kenako anatenga cholembera chofiira, n'kuchotsa mneni wanga pakati pa chiganizo pamene ndinamuika, kumusunthira kumapeto kumene amayenera kukhala.