Nsomba ya m'khola ilibe kothawira

Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi pansi pa United Nations, linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2022 nsomba ndi zamoyo zina zam'madzi zochita kuweta zinaposa, kwa nthawi yoyamba, zogwidwa ndi asodzi. Zoweta zinakwana matani 94.4 miliyoni. Zambiri zimachokera m'madamu a ku Asia, koma ndalama zonona zili m'nyanja zamchere, momwe mayiko monga Norway, Chile ndi Scotland amaweta nsomba za salmon m'makhola a ukonde oyandama pamadzi. Amene amayamikira ulimi umenewu amati ndiwo udzapumitse nyanja zomwe asodzi akokolola. Ine sindikutsutsa. Koma madzi omwe mukuikidwa makholawo ndi omwenso mumadutsa sitima zonyamula mafuta, ndipo mfundo imeneyi imakumbukiridwa zinthu zitavuta kale.

Anthu a pazilumba za Shetland, kumpoto kwa Scotland, anaziona ndi maso. Pa 5 Januwale 1993 sitima yotchedwa Braer, yomwe inachokera ku Mongstad m'dziko la Norway kupita ku Quebec ku Canada, inazima injini madzi amchere atalowa m'mafuta ake oyendera. Mphepo inaikankha mpaka inakaomba miyala pa Garths Ness. Ogwira ntchito m'sitimamo anapulumutsidwa pa helikopita, koma mafuta osayenga okwana matani pafupifupi 85,000 onse anathera m'nyanja. Muyeso umenewu ndi woposa kawiri mafuta omwe sitima ya Exxon Valdez inataya ku Alaska zaka zinayi m'mbuyo mwake.

Atolankhani anathamangirako akuyembekezera kujambula magombe akuda bii. Sanapeze zambiri. Mafuta a m'zitsime za ku Gullfaks omwe sitimayo inanyamula ndi opepuka, ndipo namondwe yemwe anawomba masiku otsatira anali mmodzi mwa anamondwe amphamvu kwambiri omwe anayezedwapo kumpoto kwa nyanja ya Atlantic. Mafunde anatakasa mafutawo mpaka anasungunukira m'madzi. Mbalame zinafa ndithu, zopitirira 1,500, koma poyerekeza ndi kuchuluka kwa mafutawo ambiri anati Shetland yachita mwayi.

Alimi a salmon mwayiwo sanauone. Mafuta akayandama pamwamba amapha mbalame ndi kudetsa gombe, nsomba zili pansi n'kupulumuka. Akasakanikirana ndi madzi, amalowa m'thupi la nsomba iliyonse yopuma madziwo. Nsomba zongodziyendera zambiri zinasuntha, ndipo boma linaloleza kuzigwiranso mu Epulo chaka chomwecho. Za m'makhola zinangozungulira mu ukonde wawo masiku onsewo, ngati nkhuku zotsekeredwa m'khola udzu wa padenga ukuyaka. Zambiri sizinafe ayi. Zinakhala zamoyo, zikudya, zikukula, koma mnofu wake unkanunkha mafuta, ndipo akatswiri omwe ntchito yawo inali kununkhiza ndi kulawa nsombazo anatsimikiza zimenezi. Pamapeto pake salmon zopitirira matani 5,000 za m'dera lomwe boma linatseka zinaphedwa osafika pa mbale ya munthu. Salmon imatenga chaka ndi miyezi ingapo, nthawi zina zaka ziwiri, m'khola la panyanja isanafike pokolola, choncho mlimi anataya chakudya chonse chomwe anaidyetsa, ngongole ya kubanki ili chilili. Alimi ena omwe mafuta sanawafikire n'komwe anaona mitengo ikugwa chifukwa ogula ankangomva dzina loti Shetland n'kubweza dzanja.

Chiletso cha nkhono zam'nyanja zotchedwa mussels chinakhalapo mpaka 2000. Chifukwa chake n'chakuti chiwindi cha nsomba yaikulu chimatha kuphwanya poizoni wa m'mafuta n'kumutulutsa madzi akayera, pamene nkhono zimasefa madzi usana ndi usiku ndipo zimasunga poizoniyo nthawi yaitali. Ku Taean m'dziko la South Korea, komwe sitima ya Hebei Spirit inabooledwa mu Disembala 2007, alimi a nkhono za oyster ndi amene analira kwambiri.

Komabe chimene chimandiopsa ine si nsomba zonunkha, pakuti mphuno imakuchenjeza. N'zomwe zimachitikira mazira. M'mafuta osayenga muli gulu la mankhwala lotchedwa PAH. Pambuyo pa ngozi ya Exxon Valdez ya pa 24 Malichi 1989, asayansi a bungwe la boma la America loona za nyanja, NOAA, anakhala zaka akufufuza chomwe mankhwalawa amachita m'dzira la nsomba. John Incardona ndi anzake anapeza kuti amalunjika pamtima. Kamtima ka kamwana ka nsomba kamayamba kugunda kadakali m'dzira, ndipo kagundidweko ndi komwe kamathandiza kuti mtimawo uumbike bwino. PAH amasokoneza kagundidweko. Akachuluka, kamwanako kamatupa ndi madzi, kamapindika msana, n'kufa. Akachepa kwambiri, mpaka poti madziwo amaoneka oyera mbee, kamwanako kamaswa bwinobwino, kamaoneka kabwino, koma kali ndi mtima wopunduka. Kamasambira pang'onopang'ono, kamatopa msanga, ndipo m'nyanja kansomba kotopa msanga kamadyedwa. Palibe mtembo woti wina awerenge pagombe.

Nsomba za herring za ku Prince William Sound, komwe Exxon Valdez inataya mafuta, zinali pafupi kuikira mazira pamene ngoziyo inachitika. Kwa zaka zingapo asodzi anapitiriza kugwira. Mu 1993 nsombazo zinachepa mwadzidzidzi, ndipo kwa zaka zambirimbiri sizinabwererenso mwakale. Asayansi amatsutsanabe ngati anali mafuta okha, pakuti kunalinso matenda ndi kuchepa kwa chakudya, ndipo mkangano woterewu umakomera kampani ya mafuta kuposa msodzi. Ku Gulf of Mexico, chitsime cha kampani ya BP, chomwe chinkakumbidwa ndi makina otchedwa Deepwater Horizon, chinaphulika pa 20 Epulo 2010, kupha anthu 11, n'kukhala chikutaya mafuta masiku 87, m'nyengo yomwe nsomba za bluefin tuna zimaswana m'dera lomwelo. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2014 anasonyeza vuto lomwelo la mtima pa ana a tuna. Kumeneko anathiranso malita pafupifupi 7 miliyoni a mankhwala otchedwa Corexit omwaza mafuta, kuchita ndi manja zomwe namondwe anachita ku Shetland: gombe lioneke loyera, poizoni atsikire kwa nsomba.

Wina anganene kuti ndiye bwino tiwete, popeza mbewu ya nsomba zoweta imaswedwa m'matanki pamtunda. Koma salmon simadya udzu. Mbali ya chakudya chake ndi ufa ndi mafuta ochokera ku tinsomba ting'onoting'ono togwidwa ku Peru, ku Mauritania ndi ku Senegal. Tinsomba timeneti tikavutika, khola nalo limva njala.

Zimenezi si za kutali kokhakokha. Mu Epulo 1992 sitima ya Katina P inayamba kutaya mafuta kufupi ndi Maputo isanakamire pakati pa nyanja. Pa 25 Julayi 2020 sitima ya ku Japan ya Wakashio inaomba matanthwe pa Pointe d'Esny ku Mauritius, n'kutaya matani pafupifupi 1,000 m'madzi osaya momwe asodzi a ku Mahébourg amapezamo ndiwo. Khoti linamva kuti sitimayo inayandikira gombe pofuna netiweki ya foni, m'katimo muli phwando lokumbukira tsiku lobadwa la mmodzi wa ogwira ntchito, ndipo woyendetsa wamkulu analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 20. Anthu wamba anameta tsitsi lawo, naunjika masamba a nzimbe m'matumba, kuti atchinge mafutawo. Ndimawagomera anthu amenewo, koma dziko likafika poteteza nyanja yake ndi tsitsi la nzika zake, ndiye kuti boma linagona. Petulo ndi dizilo zomwe timathira kuno zimafika pa Beira, Nacala ndi Dar es Salaam pa sitima zodutsa m'nyanja yomweyo ya Indian.

Ife nyanja yamchere tilibe, koma zinthu ziwiri zija, makhola a nsomba ndi nkhani ya mafuta, tili nazo. Kampani ya Maldeco inayamba kuweta chambo m'makhola panyanja ku Mangochi zaka zoposa 15 zapitazo, ndipo boma limalimbikitsa ena kutsatira. Boma lomwelo mu 2011 linapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja ya Malawi ku kampani ya ku Britain ya Surestream Petroleum, zomwe zinautsanso mkangano wa malire ndi Tanzania. Nkhani ya mafutayi imazilala n'kumadzukanso chuma chikathina. Shetland inathandizidwa ndi nyanja yaikulu yomwe madzi ake amasinthana tsiku ndi tsiku. Yathuyi ili ndi khomo limodzi, mtsinje wa Shire, ndipo madzi otuluka pamenepo pachaka ndi ochepa moti pangatenge zaka mazana angapo kuti nyanja yonse isinthe madzi. Mwera ukawomba ungatakase mafuta monga anachitira namondwe uja, kungoti kuno alibe kopita. Chambo chimakonza zisa zake pamchenga wa pansi ndipo chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, choncho mafuta okhazikika mumchenga angakhudze nsombayi pa msinkhu womwe asayansi aja anapeza kuti ndi wosalimba.

N'chifukwa chake ndimati ofesi yopereka chilolezo cha makhola ndi yopereka chilolezo cha mafuta zizikhala pa tebulo limodzi, ndipo funso loyamba likhale lakuti zikavuta adzalipira ndani, nanga adzalipidwa ndani. Ku Shetland alimi omwe nsomba zawo zinaphedwa analandira chipukutamisozi kuchokera ku inshuwalansi ya sitimayo ndi ku thumba la mayiko la IOPC, lomwe ndi la mafuta otayika kuchokera m'sitima zapanyanja zamchere, osati m'zitsime zokumbidwa pansi pa nyanja ngati yathu. Ngakhale kumeneko si onse anaona ndalama. Kampani ya Landcatch, yomwe inkaswetsa mbewu ya salmon ku Argyll, makilomita mazana angapo kuchokera pamalo a ngozi, n'kumagulitsa kwa alimi a ku Shetland, inataya msika ndipo inakasuma. Mu 1999 khoti lalikulu la ku Scotland linagamula kuti isalipidwe, ati chifukwa mafutawo sanakhudze katundu wake ndipo kutaya kwake kunali kwa patali. Imeneyo inali kampani yokhala ndi maloya ndi mabuku a ndalama olembedwa bwino. Pa muyeso womwewo, mayi woyanika usipa pathandala ku Msaka, mnyamata wopalasa njinga ya nsomba kupita ku Monkey Bay, ndi wogulitsa chambo mumsika wa Limbe, onsewo khoti lingawauze kuti ali patali, ndipo ambiri a iwo alibe ngakhale lisiti yosonyeza zomwe ankapeza.