Misasa ya Asilikali Ikhale ndi Magetsi Akeake

Aliyense wodutsa pa Liwonde amaona Kamuzu Barrage, zitseko zimene zakhala zikulamulira madzi a Shire kuyambira m'chaka cha 1965. Madzi otuluka pamenepo ndiwo amazunguza makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kumene kumachokera magetsi ambiri a dziko lino. Motero zipatala, mafakitale ndi misasa ya asilikali, zonse zikuyamwa bere limodzi.

Kuopsa kwake kunaoneka mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko nkutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 kunabwera namondwe Freddy, magetsi nazimanso m'madera ambiri. Amene Boma linawatuma kukapulumutsa anthu m'matope ndi m'madzi osefukira anali asilikali. Tsiku limene dziko liwafuna koposa ndilo tsiku lomwe nthambo zagwa, chonsecho mawailesi awo, mijigo ya madzi ndi mafiriji osungira mankhwala zimafuna magetsi.

Ena adzati majenereta alipo. Alipodi, koma amamwa dizilo wochokera kunja, wogulidwa ndi ndalama zakunja zomwe zimasowa kawirikawiri. Anthu a ku Machinga sanaiwale zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji ya ku Nacala yodzera pa Nayuchi. Asilikali a Malawi anapita kukailondera, ena nasiya moyo wawo kumeneko, kuti mafuta ndi katundu zifike m'dziko muno. Gulu lankhondo limene linalipira mtengo wotere silifunika kuuzidwa kuti mafuta angathe kutsekeredwa kutali.

Siteshoni ya Phombeya ku Balaka ndi chitukuko choyamikirika, koma nayonso imadalira nthambo zoyenda mitunda yaitali. Dzuwa la ku Balaka, limene alimi a thonje amalidziwa ukali wake, silidutsa pachipata cha dziko la eni. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, okhala ndi mabatire osungira mphamvu, anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2022. Msasa umodzi ungafune kachigawo kochepa chabe ka mphamvu imeneyi.

Boma liyambire ku mapiri a Chikala, kumene asilikali amachitira maphunziro awo ku Machinga. Amisiri a gulu lankhondo aphunzitsidwe kumanga ndi kukonza makinawo okha, ndipo magetsi otsala masana apatsidwe zipatala ndi masukulu a m'midzi yoyandikana nawo.